Manda Awiri a Barnaba

Ndinadzuka tambala asanaganize n'komwe zolira. Kunena zoona sindinadzuke, chifukwa amadzuka ndi munthu amene anagona, ndipo ine ndinangokhala pakhonde nditafunda chiguduli, mwera ukundilowa m'mafupa ngati ndinautukwanira amake. Unali mwezi wa Juni, nthawi ija ya chipani chimodzi, kwathu kuno kumtunda kwa Malindi. M'nyumba munali Luse, mwana wa malemu mlongo wanga wamng'ono. Pambali pake, m'kansalu kopinda pawiri, munali mwana wake Barnaba, amene anamwalira dzulo lake masana kuchipatala cha mishoni.

Maliro onse amene ndinaonapo amakhala ndi moto panja, amuna atauzungulira, amayi akuimba m'nyumba. Awa analibe chilichonse. Achemwali anga aakulu, amene ndi anamkungwi a mudzi wathu, analetsa zonse. Amuna angapo anabwera ndi mphasa zawo, anaima pabwalo, anayang'anana, n'kubwerera. Wina anayesa kusonkha moto, achemwali anatuluka n'kuuthira madzi.

"Pano palibe maliro," anatero. "Iyi ndi nthayo. Mawa amayi tikataya, basi."

Kwa inu obadwira m'tauni, nthayo ndi mwana amene wabwera atafa kale, kapena wapita mchombo usanagwe, asanatuluke m'chikuta kudzaonana ndi dzuwa. Ameneyo samulira, samukhomera bokosi, mwamuna sayandikira. Amayi achikulire amakamuika kudambo m'kadzenje kosapitirira m'mawondo, chifukwa amati ukakumba mozama wakwirira ndi mimba ya mayi yomwe. Mayiyo sapitako, ndipo malo samuuza. Luse anali atataya kale awiri mwanjira imeneyi, ndipo onsewo achemwali anawanyamula m'bandakucha ngati akukataya phulusa. Ukamufunsa kuti ana ako ali kuti, ankangoloza dambo lonse ndi dzanja.

Mimba yachitatuyi tinaiyendetsa ngati dzira. Adokotala anamulembera jakisoni wamafuta, wolowa mwaulesi, woti ukabayidwa umakhalira tako limodzi mpaka Lamlungu. Womuperekeza ndinali ine, chifukwa mwamuna wake Amidu ndi msodzi, ndipo miyezi imeneyo anali ku Chembe kutsata usipa. Tsiku lina ndinafunsa namwino kuti mafutawa ndi a chiyani. Sukulu ine ndinalekera Sitandade 3, pamene aphunzitsi ndi ine tinagwirizana kuti tatopetsana mokwanira, koma zimene anandiuza ndinazimva. Anati m'magazi a mayi wapakati muli kale mankhwala achibadwa otchedwa pulojesiteroni, dzina limene ndinaliyeserera njira yonse mpaka agalu kundiuwa. Ntchito yake ndi ya nangula. Amagwira chiberekero kuti chisayambe kufinya nthawi isanakwane, ndipo amathandiza nsupa, kathumba kamadzi kamene mwana amasambiramo, kuti isafooke msanga. Jakisoniyo ndi wongowonjezera. Koma anandichenjeza kuti nangula si Mulungu. Nsupa ndi yopyapyala ngati kachikopa ka m'kati mwa dzira, ndipo tizilombo tikalowa, kapena ikangofooka pamalo amodzi, imang'ambika.

"Ukonde mumasoka, agogo," anatero. "Nsupa sitisoka."

Inasweka mwezi wachisanu ndi chiwiri, Luse akuyanika usipa pathandala. Sanagwe, sananyamule katundu, anangoona madzi akutsika m'miyendo. Mwana anabadwa tsiku lotsatira, wokwana m'chipewa changachi, malo n'kutsala oikamo fodya. Anamugoneka m'thonje pakati pa mabotolo a madzi otentha. Namwino yemwe uja, poona mmene ankapumira, anamubatiza ndi madzi a m'kapu n'kumupatsa dzina la woyera mtima wa sabata imeneyo. Barnaba! Dzina linali lolemera kuposa mwini wake. Anatsegula maso, anagwira chala cha amake, anameza timadontho ta mkaka pasupuni, ndipo sabata isanathe anasiya.

Ndiye m'bandakucha umenewo ndinamva Luse akundiitana pazenera la kuseri, mawu ngati a udzudzu.

"Amalume."

"Ndili pano, mwanangu."

"Ameneyu anandiyang'ana. Awiri aja sanandiyang'ane. Ndikufuna ndidziwe pamene wagona."

Amati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, koma Luse chitseko achemwali anali atamutsekera, ndiye anatsekula zenera. Ine ndine mwini mbumba, dzina lokoma kwambiri, tanthauzo lake mavuto onse ndi ako koma mawu omaliza ndi a achemwali ako. Ndinatsikira kudooko n'kuzula thabwa lokhalira m'boti langa. Pobwerera ndinadzutsa mkulu wa adzukulu kuti akakumbe kumanda a tchalitchi, kenako ndinagogoda kwa akatekisiti, popeza apadiri anali paulendo wa kumidzi ya kumapiri. Akatekisiti anavomera kuti mwana wobatizidwa ndi Mkhristu, n'kuyamba kundifotokozera za ubatizo kuchokera ku Yorodano. Ndinawasiya ali pakati pa mtsinje.

Dzuwa likutuluka achemwali anandipeza kuseri kwa nyumba, hamala ili m'manja.

"Achimwene, mukukhoma chiyani?"

"Khola la nkhunda."

"Nkhunda zake zogona chagada?"

"Zina zimatero."

"Mwakalamba ndi uchitsiru wanu womwe. Atatu apita. Mukufuna wachinayi asabwere n'komwe? Luseyu ndamulera ine amake atafa, inu mukumwa kachasu ku Makanjira. Sindilola mumutseke mimba chifukwa cha kabokosi."

Ndinafuna kuwauza kuti ku Makanjira ndinali kugwira ntchito, ndipo kachasuyo anali wongopumulira, koma anali atatembenuka kale. Akupita anandiponyera mawu akuti amayi akumba kale kudambo. Ndiye onani: mwana wokwana m'chipewa, manda awiri.

Kulira kwa hamala kunafika kumene uthenga sunafike. Anthu anayamba kubwera, koma osadziwa kuti abwera ku chiyani. Amayi anafika ndi nkhuni ndi ufa pamutu, anaima pampanda, ataona nkhope ya achemwali anapitirira n'kukasonkha moto kuseri kwa nyumba ya oyandikana nawo. Utsi unkatuluka kumeneko ngati wa anthu ophika nyama yakuba. Amuna anakhala pansi pa mtengo wa mango, ena atavula zipewa, ena atavala, ena atazigwira pakati pa mutu ndi bondo kudikira kuti zioneke. Mawu akuti pepani anali oletsedwa. Ndiye munthu ankabwera, n'kundigwira dzanja ndi manja awiri, n'kuweramitsa mutu, n'kunena kuti, "Kwazizira lero." Mmawa wonse ndinalandira za kuzizira. Ndinayankha mpaka kukhosi kuuma kuti indedi kwazizira.

Cha m'ma teni boti linakocheza movutikira, mafunde akulimenya m'nthiti. Anatsika Amidu ndi amayi ake ochokera ku Nkhudzi, Asilamu enieni, onse atanyowa mpaka m'makutu. Uthenga umene anaulandira unali wa kubadwa. Mwera unawatsekera tsidya lija masiku onsewo, ndipo wa imfa unali usanawoloke. Amidu anakwera mtunda akumwetulira, atasenza kamtolo kokulunga m'pulasitiki, chinthu chokhacho chouma m'boti lonse. Munali nsalu yoyera yodulira matewera. Anafika pampanda, anaona amuna pansi pa mango, anaona utsi wobisala uja, anaona kabokosi pamiyendo panga. Kamtolo anakatsitsa pang'onopang'ono n'kukhala pansi pomwepo, pamchenga.

Munthu wanzeru akanamusiya apume. Achemwali anamuimirira pamutu.

"Akamwini, nsupa siingosweka yokha. Ku Chembe munkagona kuti?"

"Pansi pa boti, amayi."

"Nokha?"

Apa amayi a Amidu anayankha m'Chiyao mawu amene sindingalembe, ngakhale ndinawamva bwinobwino ndipo ena ndinawasunga kuti ndidzagwiritse ntchito. Ndinalowerera n'kufotokoza za nangula, za kachikopa ka dzira, ndi dzina lalitali lija, limene ndinalitchula bwino koyamba m'moyo wanga. Achemwali anangofunsa kuti namwinoyo wabereka angati. Amayi a Amidu nawo, atapukuta misozi, anati mwana amene analira pobadwa ndi munthu, asambitsidwe, akulungidwe m'sanda, alowe m'manda akuya dzuwa lisanapendeke, ndipo bokosi ndi la chiyani. Akatekisiti anatsegula buku. Achemwali anatenga khasu. Ine ndinakhalira kabokosi kanga kuopa kuti wina angakasandutse nkhuni. Anthu atatu kukokerana mwana amene sangakwane n'kugawana komwe, ndipo mwini wake ali m'nyumba, palibe womufunsa.

Pamenepo anatulukira atcheyamani a chipani a dera lathu, ndi anyamata awiri a malaya ofiira pambuyo. Bambo ameneyu ankakonda maliro kuposa ukwati, chifukwa pamaliro anthu sathawa ukamalankhula.

"Ndamva ziwiri," anatero. "Pali maliro kapena palibe?"

"Palibe, atcheyamani," achemwali anayankha atagwada. "Ndi zazing'ono za amayi."

Mdierekezi amene amakhala kuseri kwa khutu langa anandikumbutsa kanthu. Mimba ya Luse itayamba kuoneka, anyamata omwewa anamuimitsa pachipata cha msika, kuti salowa mpaka adule makhadi awiri, lake ndi la amene ali m'katimo. Ndinavula chipewa n'kuika nkhope ya nkhosa.

"Atcheyamani, tithandizeni nzeru ife osaphunzira. Mwanayu ali ndi khadi. Anyamata anuwa anamudulira akadali m'mimba. Tsono achemwali akuti si munthu. Ine mutu wazungulira. Kodi chipani chimadulira khadi chinthu chosakhala munthu?"

Akatekisiti anayamba kuwerenga nsapato zawo. Amuna a pansi pa mango anapeza mwadzidzidzi kuti m'mwamba muli masamba osangalatsa. Masiku amenewo funso lotere linkatha kukukweza galimoto usanamange n'kamtolo komwe. Atcheyamani anayang'ana anyamata awo, anyamata anayang'ana kunyanja.

"Membala wamwalira," anatero pomaliza. "Maliro alipo. Ndipo ndilankhulapo."

Zipewa zonse zinavulidwa nthawi imodzi. Moto wa kuseri unasamukira pabwalo. Amene anandiuza za kuzizira anabweranso pamzere kudzanena pepani, ndipo ndinayamba kulandira kuchokera poyamba. Ndinali nditapirikitsa mbuzi m'dimba poitana ng'ona, ndipo achemwali anandiyang'ana ndi diso limene ndinalidziwa ndili wosavala.

"Mwapambana, achimwene," anatero motsitsa. "Koma Luse salira. Ndipo dzenjelo ndikaliona ine."

Mwanayo anamusambitsa awiri, achemwali ndi amayi a Amidu, osalankhulana, wina kuthira madzi wina kupukuta. Nsalu ya matewera ija inasanduka sanda, ndipo inatsala yambiri. Za bokosi amayi a Amidu anagonja ataona kuti ndalipala bwino ndipo ndayalamo thonje limene anabwera nalo kuchipatala.

Adzukulu anabweretsa chithatha cha tchalitchi, chonyamulidwa ndi amuna anayi. Titaikapo kabokosi kanaoneka ngati bokosi la machesi pakama, ndipo mwera unafuna kukagwetsa. Amidu anakachotsa n'kukafungatira pachifuwa, n'kuyamba kuyenda. Anayi aja anatsatira ndi chithatha chopanda kanthu, chifukwa palibe anawauza kuti achisiye. Luse anatuluka m'nyumba akuyenda ngati woponda minga. Achemwali anatsegula pakamwa kuti amubweze, anatsekanso, n'kukankha mayi amene anamugwira mkono n'kumugwira okha. Tinadutsa m'mathandala a usipa, kuseri kwa sukulu, mpaka kumanda. Mphepo inkatithira mchenga m'maso ndi kulanda nyimbo pakamwa, moti akutsogolo ankaimba ndime ina, akumbuyo ina.

Kumanda tinapeza ntchito yaukatswiri. Ine mmawa ndinangoti kakumbeni, osanena kukula kwa munthu. Adzukulu anakumba dzenje la bambo wandevu, lakuya kupitirira mutu, m'mbali mosalala ngati khoma la sitolo ya Mmwenye. Anaima pambali akupukuta thukuta, kudikira kuyamikiridwa. Achemwali anasuzumira.

"Kwirirani."

"Tikwirire? Maliro asanalowe?"

"Kwirirani."

"Mpaka pati, amayi?"

Anakweza chitenje pang'ono n'kumenya bondo. "Apa."

Mkulu wa adzukulu anandiyang'ana. Ine ndinayang'ana mitambo.

"Takumba kuyambira kusanache, m'mimba mulibe n'phala lomwe," anadandaula. "Pa zaka zanga zonse sindinakwirirepo mphepo."

"Lero muphunzira," achemwali anatero.

Amayi a Amidu anayamba kutsutsa, koma Luse analankhula kachiwiri tsiku limenelo, osakweza mutu. "Asiyeni akwirire, amayi. Bola pakhale pano."

Ndiye adzukulu anabweza dothi limene analitulutsa, akung'ung'udza pa fosholo iliyonse, ndipo atcheyamani anaona kuti mpata ndi umenewu. Anatiuza za bata, za kulimbikira m'minda, za kuipa kwa mathalauzi otambalala kumapazi. Anati malemuyu anali membala wokhulupirika amene sanajombepo msonkhano mwadala. Apa sananame. Ine mano ndinaluma chipewa, sindikudziwa ngati kuletsa kuseka kapena china. Dzenje linachepa atcheyamani asanathe kulankhula, ndipo achemwali anatsikiramo okha kuyeza. Dothi linawalekeza m'mawondo. Anatambasula manja, Amidu anawapatsa kabokosi, anakagoneka. Amayi a Amidu anawerama n'kukapotoza pang'ono kuti kaloze kumene iwo amaloza popemphera. Akatekisiti nthawi imeneyo anali otanganidwa kwambiri kufunafuna tsamba.

Atalipeza anawerenga, ndipo anafika pamene amatchula dzina. "Mbale wathu Barnaba." Ndinaona mapewa a Luse akuyamba kugwedezeka. Analuma nsonga ya chitenje, koma kulira kwa ana atatu sikubwezeka ndi nsalu. Anthu onse anayang'ana achemwali. Iwo anatembenukira kwa amayi a kwaya.

"Inu, mukuimba kapena mukusinza? Kwezani!"

Anakweza. Anaimba mpaka akhwangwala anathawa m'mitengo, mpaka mwera womwe unachepa mawu. Pansi pa nyimboyo Luse analira, pakamwa pali yasa, Amidu atamugwira. Achemwali anga, amene amamva khoswe akuba mtedza nyumba yachitatu, anaima atatembenuzira khutu kumapiri, ndipo sanamve kanthu. Nyimbo itatha analamula kuti ayambirenso.

Ine nkhawa yanga inali agalu ndi afisi, poona kuti dzenje ndi losaya. Ndinapempha kuti aliyense atole mwala. Anatola onse, Akhristu, Asilamu, ndi anyamata a malaya ofiira omwe, mpaka mulu unakula kuposa wa mkulu wa mpingo amene wagona pafupi. Pamtanda ndinalemba ndekha ndi msomali wotentha. Chilembo chimodzi chinayang'ana kumbuyo, koma dzina limawerengeka.

Kunyumba anthu anadya n'kumwazikana. Adzukulu anadya kawiri, akuti kukumba ndi kukwirira ndi ntchito ziwiri. Atcheyamani ananyamula mitu ya chambo m'pepala. Amayi a Amidu anagona kwa oyandikana nawo kudikira kuti nyanja ikhale pansi, ndipo Amidu anakhala pakhomo la khitchini akupinda ndi kupindula nsalu yotsala ija. Achemwali anasowa. Anabwera kutada, khasu paphewa, matope m'miyendo. Anali atapita kudambo ndi thunthu la nthochi, chifukwa dzenje lokumbira munthu silisiyidwa kukamwa kuli pululu.

Anatereka madzi, analowa nawo kwa Luse kuti akamuthowe mabere, popeza mkaka sudziwa kuti womwa wapita. Ine ndinabwerera pakhonde ndi chiguduli changa, ndipo mwangozi khutu linatsamira khoma. Kwa nthawi ndinangomva madzi akudontha m'beseni. Kenako mawu a achemwali, otsika, ngati si awo.

"Awiri aja ali pansi pa mvunguti wa kumapeto kwa dambo, mbali ya chulu. Ndinaikapo miyala, aliyense wake. Chaka chilichonse ndimakalambula. Ukachira ndidzakutenga."

Ine ndiye ndinatsamwa malovu. Tsiku lonse kundizunza, kundiika pakamwa pa ng'ona, kukwiriritsa anthu mphepo, kumeneko iwo ali ndi miyala yawo kudambo zaka zonsezi! Ndinatsokomola.

"Achimwene, chotsani khutu pakhomapo," anatero m'katimo. "Ndipo mawa m'boti mwanumo mukhala pati?"

Mwera unali utaleka. Pabwalo phulusa la maliro linkafuka pang'ono, ndipo m'nyumba munangomveka madzi akudontha m'beseni.